Fyuluta pa Chingwe cha Zovala

Aneba athu, dalaivala wopuma pantchito, samvera madandaulo a eni galimoto. Amangotsegula boneti, n'kuchotsa fyuluta ya mpweya, n'kuiyang'anitsa kudzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, mlandu watha. "Injini yobanika imamwa mafuta ngati chidakwa," amatero.

Tsiku lina anapeza fyuluta yapepala itayanikidwa pachingwe, pakati pa malaya ndi matewera. Mkamwini wawo anali ataichotsa m'galimoto yake n'kuichapa ndi sopo, pokonzekera ulendo wautali ndi ana pamsewu wafumbi.

"Akamwini, pepala limachapidwa? Fumbi lilowa mu injini, zidzukulu zanga zikagone panjira."

"Komatu yayera, bambo."

"Kuyera yayeradi."

Anebawo anaikanikiza ndi chala, chalacho n'kutulukira kuseri. Mkamwini anapita kukagula yatsopano wapansi, makiyi ali m'thumba mwa apongozi.