Bondo la Ambuya Linauma ndi Ulemu

Ndikakumbukira ambuya anga aNaphiri, mayi wa bambo, ndimamva fungo la mafuta otikitira mafupa litasakanikirana ndi utsi wa mbaula pakhonde lathu ku Kabwata. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene amayi ankalawirira kukaima pamzere wa unga ndi sopo. Ambuya anachoka kumudzi nyamakazi itawadya bondo lakumanja, ndipo madokotala a kuchipatala chachikulu analing'amba n'kuikamo chitsulo.

Potuluka anawalangiza kuti azilipinda tsiku lililonse, ngakhale lipweteke chotani. Ambuya anavomera ndi mtima wonse, chifukwa chomwe ankafuna chinali kugwadanso. Kwa iwo mkazi wopereka moni kwa akulu ali chilili anali wosaleredwa.

Tsiku loyamba kuyesera anakuwa mpaka anansi anasuzumira pampanda. Amayi, pokhala mpongozi, anachita manyazi. "Amai, nkhalani chabe," anatero. "Bantu bazakamba ati nikuvutisani." Kuyambira pamenepo tsache linabisidwa, madzi osamba ankawapeza pamphasa, ndipo ife ana tinkakalipiridwa ambuya akangodzitengera okha kapu. Iwo ankang'ung'udza kuti, "Mwandisandutsa dzira," koma kunena zoona kusamalidwako kunkawakomeranso. Amayi sindiwaimba mlandu, ankachita zimene anaphunzitsidwa. Pofika nthawi ya mvula bondo linali litauma ngati mpini.

Kenaka kunabwera akuchimuna kudzafunsira mbeta azakhali anga. Akazi onse a m'nyumba analowa chogwada, akuomba m'manja. Ambuya anagwira chitseko, anayesa kutsika, nkhope ili thukuta lokhalokha, koma mwendo unakana. Anangodzigwetsa pamphasa, mwendo uli tantha kuloza alendo. "Pepani azibambo," anatero chapansipansi, "si mwano, ndi chitsulo." Alendo anati palibe kanthu, koma ine ndinaona misozi ya ambuya ikudonthera pachitenje chawo, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Anamwalira osagwadanso, ngakhale kutchalitchi.

Chaka chino amayi nawonso awaika chitsulo m'bondo, ndipo akukhala kwanga ku Chelstone. M'mawa uliwonse ndimagwira chidendene chawo n'kukankha pang'onopang'ono. Amakuwa, amanditukwana kuti ndilibe chisoni, anansi amasuzumira. Ine ndimawasiya asuzumire, ndimapukuta maso anga ndi phewa, n'kuwauza kuti apindenso, "Amai, pindani futi."