Malaya Amene Anatsala M'nkhalango

Mdzukulu wanga woyamba anabadwa Lachiwiri, ine chimfine chinandigwira Lachitatu. Sichinali chimfine chogoneka munthu ayi. Mphuno kuchucha, pakhosi kuyabwa, basi. Kwathu chimfine chotere timapita nacho kumunda.

Mwana wanga wamkazi amakhala ku Lawrence, ku Indianapolis, ine ndi mayi ake tili ku South Bend. Ndinamuimbira foni kumuuza kuti Loweruka tikubwera kudzaona khanda, ndipo ndili mkati molankhula ndinatsokomola. Kamodzi kokha. Iyeyu anakulira kuno, Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndipo m'Chingerezi chakecho anandiuza kuti, "Adadi, ngati mukutsokomola, dikirani kaye mubwere sabata inayo."

Ndine munthu wopsa mtima msanga, sindibisa. Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti ali wakhanda ndinkathamanga naye kuchipatala ku Zomba ine mwini malungo ali tho. Ndinamufunsa kuti zinayamba liti zoti gogo azipempha chilolezo kuti anyamule mdzukulu wake. Ndinati Loweruka ndikubwera, mwanayo ndidzamunyamula, wofuna kuitana apolisi aitane. Ndinadula foni. Mayi ake anangondiyang'ana, nkundifunsa kuti, "Mwamaliza?"

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa. M'chipinda cha kumapeto munali mzungu wina wokalamba kwambiri, wamtali, miyendo itasiya kugwira ntchito koma mutu uli bwinobwino. Pakhoma pake panali mapu a mitsinje yokhayokha, yopindikapindika ngati mizu ya mtengo. Ali mnyamata anayenda m'nkhalango zazikulu za ku South America, kuyeza mitsinje ndi kuilemba pamapu. Ine sindinkamukonda. Tsiku loyamba anandifunsa ngati kwathu kuli nkhalango yowirira, ine nkumuyankha kuti kwathu kuli maminibasi ndi maloya. Kuyambira pamenepo tinkangopatsana moni.

Lachinayi m'mawa ndinalowa m'chipinda chake ndi beseni ndi thaulo, masiki yotchinga pakamwa ili pachibwano monga mwa masiku onse. Mtima unali udakali ku foni ija. Nditawerama kuti ndimudzutse, ndinatsokomola.

"Tuluka," anatero.

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Tuluka. Usandigwire, ndipo usagwire wina aliyense m'nyumba muno."

Beseni ndinaliika pansi mwamphamvu mpaka madzi kutayikira pakapeti. Ndinamuuza kuti manja akudawa ndi amene akhala akumupukuta kumbuyo chaka chathunthu, lero ayamba kununkha? Ndinamuuza kuti ngati akufuna mzungu mnzake woti azimusambitsa, aitane ana ake amene sindinawaonepo pakhomo pano. Mawu amenewa anali oipa, ndipo ndinadziwa kuipa kwake akutuluka m'kamwa.

Mkuluyo sanakalipe. Anandiloza kuti ndikweze masiki, kenako analoza mpando umene unali pafupi ndi chitseko. "Khala apo, patali. Tsegula kabati, utenge chitini cha mabisiketi."

M'chitinimo munali zithunzi zakale. Chapamwamba chinali cha mwamuna wamfupi, wa mapewa otambalala, tsitsi lometa mozungulira ngati mbale, atavala malaya a mzungu ofika m'mawondo, akuseka mano onse panja.

Anandiuza kuti anthu a mtundu wa mwamunayo, m'nkhalango zija za ku South America, anali asanakumanepo ndi munthu wakunja. Iye ndi anzake awiri ankadziwa kuti alipo chifukwa ankaona mapazi pamchenga ndi utsi kutali. Ndiye anamanga kathandala m'mbali mwa mtsinje, nkuikapo zikwanje, nkhwangwa ndi mapoto, iwo nkubwerera kumsasa. M'mawa mwake zinthu zija kunalibe, pathandala panali mivi iwiri ndi nthochi. Anasinthana choncho masabata angapo osaonana nkhope. Tsiku lina anthu aja anangotulukira m'mitengo, amuna poyamba, akazi ndi ana pambuyo.

Wa pachithunziyo ndi amene anayamba kumuyandikira. Anamukoka ndevu kuti aone ngati zimachoka. Anamuvula nsapato imodzi, ataona zala zoyera zopanikizana anaitana anzake, onse nkugwa ndi phwete. Mkuluyo akufotokoza izi anaseka, inenso ndinaseka m'masiki muja ndisakufuna.

Kenako anamutengera kumudzi kwawo. Kumeneko mlendo amamulandira ndi chakumwa cha chinangwa m'chikho chimodzi. Mwini mudzi amamwa, nkupatsa mlendo, mlendo akamwa chikho chimazungulira kwa aliyense mpaka ana. Wokana kumwa ndiye kuti wabwera ndi nkhondo.

"Ndinali ndi chimfine," anatero. "Chaching'ono, ngati chakocho. Ndinaganizapo, usaone ngati sindinaganize. Chikho chili m'manja mwanga ndinaganiza. Koma onse ankandiyang'ana, ndipo ndinaopa kuoneka wamwano. Ndinamwa, nkupatsa mayi wina amene anali ndi mwana kubere."

Pochoka anavula malaya ake nkumupatsa mnzake wa pachithunzi uja, ndi pamene anajambula chithunzicho. Anabwererako mvula itatha, bwato litadzaza mphatso. Pathandala panamera udzu. Kumudzi sanapeze utsi, sanapeze galu. Anthu aja matupi awo sankachidziwa chimfine, chinangolowa m'chifuwa nkuwagwetsa onse nthawi imodzi, popanda wotsala woti akatunge madzi kapena kusonkha moto. Ena anathawira mkati mwa nkhalango, ndipo sanadziwe ngati anapulumuka. Amene anatsala anawapeza atafa m'malo awo ogona. Mnzake uja anamuzindikira ndi malaya.

Pofotokoza izi mkuluyo sanalire. Ndikuganiza kuti misozi ya nkhani imeneyi inamuthera kalekale. Anangoti, "M'nyumba muno tonse tili ngati anthu aja. Pita kwanu ukagone."

Ndinapita kwa nesi wamkulu nkumuuza kuti ndikudwala. Anandiyang'ana modabwa, chifukwa pa zaka zonse zimene ndinagwira pamenepo ndinali ndisanapemphepo kupita kunyumba.

Zimene zinandivuta masiku awiri otsatirawo si imfa za anthu aja zokha. Imfa ndaziona, kwathu tinaika anthu ambiri. Chinandivuta ndi chikho chija. Ndikanakhala ine, ndikanamwa. Ndinaleredwa kuti chimene wapatsidwa umalandira ndi manja awiri, kuti wodwala umakamuona, kuti khanda likabadwa umapita kukalinyamula nkuliika kanthu m'kadzanja. Mzungu uja sanaphe anthu ndi nkhanza. Anawapha ndi ulemu, ulemu womwewo umene ine ndinkaukalipira pafoni.

Ndinakumbukiranso chinthu chimene mkwiyo unandiiwalitsa. Kwathu komweko khanda silituluka msanga. Limakhala m'chikuta ndi mayi ake mpaka mchombo utagwa, ndipo si aliyense amaloledwa kuligwira. Achemwali anga atabereka, ine ndinakhala panja masiku angapo ndikungomva kulira kwa mwana, ndipo sindinaone ngati andinyoza. Mwana wanga sanapemphe chachilendo. Anangochipempha m'Chingerezi, ndiye ine ndinachimva ngati mwano.

Loweruka tinanyamuka m'mawa. Mayi ake anandifunsa m'galimoto kuti, "Inu abambo, tikupita kukaona mwana kapena kukamenya nkhondo? Ndidziwiretu, ndivale nsapato zothawira." Tinadutsa minda ya chimanga yokololedwa kale, sinowo, chipale chofewa chija, ali mbuu mbali zonse, ine ndikuyamwa maswiti a pakhosi. Titafika ku Indianapolis ndinakhotera ku Lafayette Road, pasitolo ina ya anthu a ku West Africa, nkugula chitenje choberekera mwana.

Ku Lawrence mkamwini wanga ndi amene anatsegula chitseko. Nkhope yake inkaoneka kuti mkazi wake anamuuza zonse, ndipo anali atakonzeka kukalipiridwa. Ndinamupatsa moni ndili pamasitepe, manja ali m'thumba.

"Tengani mayi anuwa alowe, iwo sakudwala," ndinatero. "Ine mundionetsere pawindo."

Ndinazungulira nyumba nkukaima pawindo la pabalaza, mapazi ali m'sinowo. Mwana wanga anabwera atanyamula khanda, atalikulunga kale m'chitenje chija. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayandikira mpaka kamutu ka mwana kanatsala pang'ono kugunda galasi. Anali mtsikana, ali m'tulo, kamlomo kotukula ngati munthu amene wangokangana ndi wina. Mayi ake a mwana wanga analoza kamlomoko, nkuloza ine, ndipo ndinamva kuseka kwawo kudzera pagalasi.

Mwana wanga anatsegula windo pang'ono. Chichewa chake ndi chothyokathyoka, salankhula kawirikawiri, koma tsiku limenelo anayesa. "Adadi, mukuzizidwa."

"Tseka windo," ndinatero. "Mphepo ilowa."

Mdzukuluyo ndinadzamunyamula patapita masabata awiri. Lolemba lotsatira ndinapita ndi chithunzi chake kuchipinda cha kumapeto kuja. Mkuluyo anachiyang'ana, nkundifunsa ngati chifuwa chatheratu. Nditamuuza kuti chatha, anakweza manja kuti ndimuvule malaya, ine nkuyamba kumusambitsa.