Amake Mapasa ndi Mlamu Wawo

Amake Mapasa anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a pa shopu ya amuna awo, yopanga ndi kukonza makina oulutsira mawu pa wailesi, aja amati matransimita.

M'kati mwa transimita muli kachipangizo kotchedwa osileta, kotulutsa mafunde awiri. Mafundewo ayenera kufanana mphamvu ndendende, koma lina lizitsalira m'mbuyo mwa linzake ndi kotala ya sitepe, osapitirira, osaperewera. Lina likangonenepa pang'ono kapena kufulumira, mawu amamveka pawiri: pamalo pake penipeni, ndi chithunzithunzi chake pamalo a eni ake. Kuwalinganiza pa siteshoni imodzi si nkhani. Chotukutira nacho thukuta n'chakuti akhalebe olingana kuyambira pa mafunde otsika mpaka okwera kwambiri, ndipo mapasa amenewa ndiwo mayiwa anawalera kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Ankakhala pa tebulo la pakona, magalasi ali pamphuno, akusankha timakapasita, tizipangizo tating'ono ta mu osileta, tiwiritiwiri m'chitini cha mkaka, kuyeza, kutaya, kuyezanso. Waya wa mbali ino akatalika kuposa wa mbali inayo ndi kachikhadabo kokha, ankamasula zonse n'kuyambiranso. Amuna awo ndiwo ankavala tayi n'kumalankhula ndi makasitomala, koma sankabisa. "Ine ndine chikwangwani chabe," ankatero, "shopu ndi uyo ali pakonayo."

Bambowo atamwalira ndi matenda a shuga, mng'ono wawo, amene moyo wake wonse ankagulitsa matayala, anabwera ndi mapepala osonyeza kuti shopu inalembedwa m'dzina la banja la kwawo. Sabata isanathe, maloko anali atasinthidwa.

"Mlamu, mwatopa inu, kapumeni kunyumba," anatero mlamuyo ataima pakhomo. "Za mawayazi tisiyireni ife amuna."

"Mawaya ake mukuwadziwa, mlamu?"

"Mapulani onse ali m'kabati. Wodziwa kuwerenga angalephere bwanji?"

Amake Mapasa anapempha chitini chawo ndi chowotcherera mawaya. Mlamu anati ndi katundu wa kampani. M'malo mwake anawatulutsira kapu yawo ya tiyi, ataigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, anthu antchito amene mayiwo anawaphunzitsa okha akuonerera. Misozi sinatuluke. Inabwerera m'kati n'kusanduka mwala.

Mwana wa mayiwo anati apite kukhoti.

"Ayi mwanangu. Msiye avine. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."

Iwo ankadziwa chimene mlamu sankadziwa. Mapulani ankangonena manambala a zipangizo. Sankanena kuti mwa timakapasita zana ta nambala imodzi, tofananadi mwina timapezeka tinayi. M'kabati anasiyamo maosileta olinganiza kale okwanira chaka chimodzi basi.

Ali ndi zaka makumi asanu, anakafunsira ntchito ku ofesi yoyang'anira mafunde a mawailesi. Owafunsa mafunso anali a msinkhu wa mwana wawo, ndipo poyamba ankamwetulira mwachifundo. Atawapatsa transimita yodwala, mayiwo anaipeza nthenda tiyi wa ofunsawo asanazizire. Anawalemba ntchito yoyenda ndi galimoto ya mlongoti padenga, kuyeza ngati aliyense akuulutsa pamalo pake.

Chaka chinatha. Maosileta akale atatha, shopu inayamba kupanga akeake. Amake Mapasa anaona pa sikirini yawo kachithunzithunzi kakumera pambali pa mafunde a mawailesi ogula matransimita kwa mlamu, kakang'ono, kosafika pophwanya lamulo. Foni imodzi yokha ikanakwana kumuchenjeza munthuyo. Sanaimbe. M'mawa uliwonse ankakayang'ana ngati mlimi woyendera dzungu lake, mpaka tsiku limene ozimitsa moto anadandaula kuti akamaitanizana pa wailesi yawo, akumva nyimbo ndi malonda a sopo.

Bwana wawo anawerenga lipoti la dandaulolo n'kudzutsa mutu. "Mayi, mwini shopuyi si mlamu wanu? Titume wina?"

"Makina oyezera alibe mlamu, bwana. Mundipatse mboni ziwiri."

Anafika cha m'ma teni m'mawa, makasitomala ali mbwee. Mlamu anali atanenepa, tayi wa malemu ali m'khosi. Amake Mapasa anamupatsa moni waulemu wonse, n'kupempha transimita yatsopano ya pashelefu. Anailumikiza ku makina awo, n'kutembenuza sikirini kuti aliyense aone.

"Phiri lalikululi ndi mawu anu. Kachulu aka ndi chithunzithunzi. Tsopano penyani ndikamakweza mafunde."

Anapotokola batani la makinawo pang'onopang'ono, mosafulumira ngakhale pang'ono. Kachuluko kanakula mpaka kutsala pang'ono kulingana ndi phirilo. Anayeza yachiwiri, yachitatu, yachisanu ndi chimodzi, nambala iliyonse akuitchula mokweza kuti mboni zilembe. Makasitomala anayamba kunong'onezana, wina n'kubweza bokosi limene anali atanyamula kale.

Mlamu anawakokera pambali. "Mlamu, tikambirane pachibale. Inu pokonza mukupadziwa. Ola limodzi lokha."

"Ola n'lambiri. Mphindi makumi awiri zikanakwana."

"Ndiye khalani pansi, chonde. Chowotcherera chanu chilipobe."

"N'cha kampani chimenecho," anatero Amake Mapasa, akumata chipepala chofiira pachitseko. "Ine ndabwera kudzayeza basi."

Lamulo linatuluka lakuti matransimita onse ogulitsidwa chaka chimenecho abwezedwe. Mlamu analemba ntchito mainjiniya awiri. Akalinganiza mafunde otsika, okwera ankasokonekera, akakonza okwera, otsika ankathawa. Patatha miyezi isanu shopu inatsekedwa. Anthu asanu ndi awiri anachotsedwa ntchito, ndipo zimenezi mayiwa sankakonda kuzikamba.

Loweruka lina masana kunabwera mkazi wa mlamu, maso ali psuu, kudzapempha kuti alembe kalata yofewetsa chigamulo. Amake Mapasa anamupatsa mpando wabwino, tiyi wamkaka ndi buledi wopaka. Anamvetsera zonse mpaka kumapeto, anafunsa za ana, n'kumuperekeza mpaka pokwerera basi. Kalata sanalembe.

Atabwerera anayamba kutsuka makapu, ndipo mwana wawo, ali kuchipinda, anawamva akuimba. Akuti kanali koyamba chimwalirireni bambo ake.