Madzi a sopo m'mabuleki a ngolo yanga

Mlamu wanga, a Lungu, lero ali ndi mwendo umodzi chifukwa cha makanika wina wa ku Nyimba. Dzina lake sinditchula, koma galaja yake ndi ija ili ndi chigoba cha basi pakhomo.

Ngolo yanga ya thirakitala inalibe mabuleki. Kwathu kufupi ndi Minga kuli chitunda choipa, ndipo ukapakira matumba makumi anayi a chimanga, ngolo imakankha thirakitala ngati ng'ombe yolusa. Ndinati ndisadikire tsoka. Lolemba, 7 koloko m'mawa, ndinali pagalajapo kuti andiikire mabuleki.

"Osavutika, bambo," anatero makanikayo. "Mubwele mailo."

Mailo wakeyo, kunena kuti mawa, anatha masabata atatu. Ulendo woyamba, akuti mapaipi sanafike. Wachiwiri ndinapeza loko, akuti onse ali kumsonkhano wa chipani. Wachitatu ngolo inali itatha kukonzedwa. Ndinamufunsa komwe wapeza mafuta a mabuleki, poti m'masitolo anali atasowa ngati shuga. Anaseka, akuti mbale wake wa kumigodi amamutumizira. Ndinathokoza mpaka kuwomba m'manja. Chitsiru ine!

Lachisanu masana tinanyamuka ndi chimanga kupita kudepoti. Mlamu anakhala pamwamba pa matumba, monga timachitira tonse. Pachitunda paja ndinakoka buleki ya ngolo, inagwira. Kachiwiri, pang'ono. Kachitatu, chitsulo chinangobwera lobodo. Ngolo inatikankhira m'ngalande n'kugubuduka, mwendo wa kumanzere wa mlamu uli pansi pake. Kuchipatala anaudula pamwamba pa bondo.

Nditatsegula kabotolo ka mafuta a mabuleki, munatuluka thovu. Madzi a sopo! Sopo yemwe akazi athu amaimira pamzere tsiku lonse, iye ankachapira mabuleki anga?

Ndinabwerera ku Nyimba botolo lili m'manja. Munthuyo sanaimirire n'komwe.

"Nanga mafuta ali kuti muno mu Zambia?" anatero. "Tonse tiika sopo. Imwe ndimwe munapakila maningi, kupitilila muyeso."

Ndinakadandaula kwa tcheyamani wa chipani. Akuti dziko lili pamavuto, tonse tipirire. Tipirire ndi mwendo wa yani?

Chimene chikundiwawa ndi bodza lija. Akanandiuza kuti mafuta palibe, ndikanatsika ndi matumba khumi khumi, mwala wotchingira tayala uli pafupi, monga ndinkachitira kale. Ndinapakira makumi anayi chifukwa ndinamukhulupirira.

Inu a mathirakitala ndi malole, musanachoke pagalaja iliyonse, tsegulani kabotoloko, viikani chala, nunkhizani. Ndipo ngati wina akudziwa makanika wonena zoona pakati pa Nyimba ndi Petauke, andiuze, pakuti ine ndamusowa.

Mlongo wanga tsopano akulima yekha, amuna ake atakhala pakhonde. Mlongo wangayo sanandinenepo mawu oipa, ndipo zimenezo zikundipweteka kuposa kutukwanidwa. Nsapato ya mlamu ya kumanzere ndinaitola m'ngalande muja. Ikadali kwanga. Ndikaipereke kwa yani?