Chisanu cha ku Chimadzi

Zaka zimene malasha a ku Moatize anautsa mzinda wa Tete, aliyense ku Chimadzi anasanduka mwini nyumba ya lendi. Ena ankasamukira ku kozinya, kuja kophikira, n'kusiyira alendo nyumba yonse. Ife tinali ndi kachipinda kuseri, mosungira makasu ndi njinga yakufa. Amuna anga anakapaka laimu, n'kupeza munthu wokhalamo, woyendetsa malole wochokera ku Beira. Iye anapempha chinthu chimodzi chokha: makina oziziritsa m'nyumba, aja timati arikondisonado. Amene anakhalako ku Tete dzinja lisanagwe sangamudzudzule.

Tinaitana tekiniko, mmisiri wa makinawo. Anayeza makoma, anayang'ana zenera ndi malata, anafunsa kolowera dzuwa.

"Gulani a nove mili," iye anatero. "Nambalayo ndi mphamvu ya makina. Akwana."

"Si aang'ono kwambiri m'sitolo amenewo?" anafunsa amuna anga.

"Ndi omwewo, bambo."

"Kodi mwandiona bwanji?"

"Bambo, nsapato munthu amagula yokwana phazi."

"Ana anga ndimawagulira zazikulu. Amakuliramo."

"Chipinda sichikula."

"Mwadziwa bwanji?"

Patapita masiku atatu amuna anga anabwera ndi makina ochotsedwa mu holo ina, oima okha ngati kabati, atawanyamula amuna anayi. Pakhomo anakana kulowa, ndiye tinagumula mphuthu. Atalowa, bedi linasowa malo, choncho linatuluka, matiresi n'kuyalidwa pansi. Tekiniko analumikiza mawaya akupukusa mutu.

Titayatsa, kalendala inathothoka pakhoma. Wailesi ya oyandikana nawo inazima. Posakhalitsa makinawo analeka okha poti chipinda chinali chitazizira kale, kenako anabangulanso, n'kulekanso. Ankatero tsiku lonse, ndipo amayi a nyumba yachitatu ankadziwa kuti ayaka poona feni yawo ikufooka.

Mlendo wathu anafika Lamlungu masana atatopa ndi ulendo, n'kulowa kukapumula. Ora lisanathe anatuluka milomo ili mbuu, nakakhala pamwala pakati pa bwalo. Anthu anasonkhana pampanda. Chibadwire anali asanaone munthu akuothera dzuwa ku Tete.

"Patarau, bwana wanga, sangachepeko?" anafunsa akunjenjemera.

"Pamenepo ndiye pochepa pake," anayankha amuna anga, nkhope ikuwala.

M'mawa mwake munthu uja anapita kumsika kukafuna jekete. Wogulitsa zovala anachita kumasula thumba la pansi penipeni, namufunsa ngati kwagwa maliro ku Tsangano, kozizira kuja. Mlendoyo anapirira masabata atatu, akugona ndi chipewa chaubweya. Chifuwa chitamugwira anatsanzika mwaulemu, nati m'lole mwake mumagoneka bwino.

Chipinda sichinakhale chopanda ntchito. Mayi wina anapempha kusungamo tomato. Wina anabweretsa nsomba za mu Zambezi. Bolo, keke wa ukwati wa ku Degue, anagonamo masiku awiri pamatiresi paja, ndipo amuna anga anaitanidwa kuukwatiwo, n'kuwakhazika kutsogolo.

Tsiku lina masana kunabwera mkulu wina wa kumpingo kwathu, chipewa chili m'manja. Anakhala pampando, analonjera, anayamikira kukula kwa ana. Kenako anati mng'ono wake watisiya, abale ochokera ku Malawi afika mkuja, ndipo kutenthaku tikukuona tokha. Anamva kuti ife tili ndi malo ozizira oti n'kusungamo thupi.

Ndinayang'ana amuna anga. Anali atawongola msana, akukonza kukhosi, ndipo ndinadziwa kuti avomera.

"Pepani kwambiri, bambo," ndinafulumira. "Makinawo tagulitsa."

"Liti?" anadabwa amuna anga.

"Mawa."

Kumaliroko tinathandiza ndi ufa ndi nkhuni. Makina anagulidwa ndi mwini butchala wa ku Canongola. Kwa miyezi ingapo amuna anga sankalola kuti tigule nyama kwina. Ankapita okha pa njinga yamoto, kulambalala mabutchala atatu apafupi, ndipo theka la kilo linkawatengera maora awiri.