Mpando Umene Ababa Anazula

Dzulo ku Bvumbwe ndinaona mpando wa galimoto uli panja pa galaja, dzuwa likuuwotcha. Fungo la chikopa chotenthacho linandibwezera ku esiteti ya tiyi kumene ndinakulira.

Ababa anali makaniko wa mathirakitala. Atagula kagalimoto kakale kwa amanejala ena, analowa kalabu ya anthu opikisana liwiro m'misewu yafumbi ya m'minda ya tiyi. Ine zimenezo sindinkazidziwa. Ndinangowapeza tsiku lina atazula mpando wakumbuyo, womwe ndinkakhalapo popita kutchalitchi ku Makwasa, akuwotcherera mapaipi m'kati mwa galimotomo.

"Ababa, ndi khola limeneli? Tiwetamo chiyani?"

"Muzikhala ine," anayankha akuseka.

"Nanga ine ndizikhala pati?"

"Iwe muno ayi, mwanawe."

Mpando uja anauika pakhonde, ndipo ine ndinanyanyala.

Lamlungu la mpikisano wawo woyamba, amayi anakana kukaonerera. Anandiitana, tinakhala limodzi pampandopo. Mainjini ankalira kuseri kwa chitunda, fumbi lofiira likufuka pamwamba pa tiyi. Phokoso likati zii, amayi ankandifinya dzanja mpaka kuwawa. Likayambanso, ankandisiya.

"Nanunso akukanizani kukwera?" ndinawafunsa, ndikuyesa kuti tanyanyala tonse.

"Takhala chete, ndikumvetsera," anatero.

Ndinadziwa nditakula kuti mapaipi aja anali oti galimoto ikagubuduzika, denga lisawaphwanye ababa. Amayi ankadziwa kale zimenezo, ndipo dzanja langa ndi lomwe anali nalo pafupi.