Chala cha a Douwe

Hiske Postma wakhala akupereka mankhwala pachipatala chapachilumba zaka makumi awiri, koma mpaka lero kabokosi kalikonse amakawerenga kawiri, mwina katatu. Anzake amati mayiyu angadere nkhawa ngakhale mvula ya chaka chamawa. Iye sakana, anabadwa mtima uli m'mwamba.

Lachiwiri lina mu Novembala, achimwene ake, a Douwe, analowa m'chipatalamo akutsokomola, thupi lili moto. Dokotala wogwirizira, Mayi Verhoef, anawapima nati ndi chibayo. Poti penisilini amawatulutsa zidzolo, anawalembera clarithromycin.

Hiske ataona dzinalo, analiwerenganso kachiwiri. Pashelefu clarithromycin ndi azithromycin amakhala moyandikana ngati pachisuweni, ndipo onse amapha tizilombo tam'chifuwa. Koma woyambayo akakumana m'thupi ndi colchicine, mapiritsi a nyamakazi, munthu atha kufa. A Douwe ankamwa mapiritsi amenewo mobisa chala chikawatupa, otsala a malemu apongozi awo, poti kunoko mankhwala satayidwa. Mukompyuta ya chipatala munalibe zoti amawamwa. Chala chawo chakuphazi chotupatupacho chikanadziwika, akanawatsitsa m'boti lopulumutsira anthu panyanja, momwe agwira ntchito moyo wawo wonse.

"Achimwene, auzeni adokotala za mapiritsi aja," ananong'ona Hiske pawindo.

"Iwe, khala chete. Unalumbira kuti suulula."

"Akaphatikizana ndi awa akuphani."

"Ndiyamba ndawasiya sabata ino. Bweretsa kuno ndizipita."

"Musiya? Inuyo? Fodya uja munati musiya liti?"

A Douwe anaseka, chifuwa n'kuwatsamwitsa. "Nkhawa zakozi zidzakupha ine ndikadali moyo, mlongo wanga."

Hiske anayang'ana timabokosi ta mankhwala awiri aja. Kusinthanitsa mwakachetechete? Ayi, zimenezo sanachitepo, ndipo dzina la dokotala linali papepala. Kuwapatsa? Ankawadziwa achimwene akewo: chala chikangoyamba kuluma, piritsi pakamwa. Mantha anamugwira osati masewera. Anabweza kabokosi pashelefu n'kukagogoda kwa dokotala kukaulula zonse.

Mayi Verhoef anamvetsera, nafufuta clarithromycin, nalemba azithromycin wa masiku atatu. Kenaka anawaitananso a Douwe.

"Mapiritsi a apongozi anuwo mubwere nawo kuno. Tsopano vulani nsapato, bambo."

A Douwe anavula, maso ali pa Hiske.

Chibayo chinatha pasanathe masabata awiri. Mu Januwale, atawapima onse am'boti, dzina la a Douwe linachotsedwa. Masiku ano belu langozi likalira, amangokwera pamulu wamchenga n'kumaonerera anzawo akulowa m'mafunde. Mankhwala awo amatenga Lachinayi, tsiku limene Hiske sagwira ntchito.

Zimamupweteka, sabisa. Koma m'mawa uliwonse amaima pawindo mpaka a Douwe adutse panjinga kupita kukagula buledi, nkhope yawo itayang'ana kumbali.

"Sakupatsanibe moni?" amafunsa mnzake wapantchito.

"Asiye," amatero Hiske. "Bola azidutsa."